Mtondo wa M'kadzenje

Mphamba, Lundazi
14 Ogasiti 2023

Okondedwa alongo anga a Conrad,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno fodya tagulitsa, koma ukwati wa mzime wathu Keziya wagwedezeka, ndipo ndaona kuti mumve kwa ine.

Mukukumbukira mmene Amama amasinjira? Amakumba kadzenje, n'kuikamo mtondo, n'kuukulunga saka kuti usamveke. Tili ana tinkawaseka. Nditakula anandiuza kuti anaphunzira ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, kumsasa wa m'tchire kumene asilikali ankasunga akazi ogwidwa kuti aziwasinjira ndi kuwasenzera katundu. Mtondo ukamveka patali adani akanadziwa malowo, choncho wosinja mwaphokoso ankamenyedwa.

Lachiwiri lapitalo a Angelina, amake Ezron amene akukwatira Keziya, anabwera kudzathandiza kusinja chimera cha thobwa. Asanathire kanthu mumtondo anapempha khasu, n'kuyamba kukumba kadzenje. Amama anaika lichero pansi.

"Asebele, tembenukani ndikuoneni bwino."

Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu munkagwira ndodo."

"Ndine," anatero a Angelina. "Ndinagwidwa ngati inu nomwe. Ndodoyo anandipatsa mfuti ili pakhosi."

"Msana wanga ukukudziwani."

"Ndinkamenya ine kuti msilikali asanyamuke. Womenyedwa ndi iye sankadzuka."

"Mwana wanga sakalowa m'nyumba mwanu," anatero Amama, n'kulowa m'nyumba. Keziya anali chiimire pakhomo, wamva zonse. A Angelina anamaliza kusinja okha, anafotsera kadzenje kaja, n'kupita osatsanzika.

Kuyambira tsikulo pakhomo pano panali zii. Keziya sankadya. Ezron ankabwera panjinga, n'kuima pamsewu, n'kubwerera. Zipsera za kumsana kwa Amama ndimaziona ndine pomwe ndikuwasambitsa, ndipo sindikufuna kukulemberani mmene zilili.

Dzulo ndikuwapaka mafuta kumsana, analankhula osatembenuka.

"Mnyamata uja anabadwa liti?"

"Nkhondo itatha kale, Amama."

"Ndiye sanagwirepo ndodo. Muuze asiye kuima pamsewu ngati wogulitsa makala."

Perekani moni kwa alamu ndi ana. Keziya akupereka moni, lero wadya. Amama akuti mubwere ndi suti yanu mudzamuperekeze kutchalitchi. Akutinso muwagulire mpando, chifukwa pamphasa imodzi ndi asebele awo, amake Ezron, sadzakhalapo.

Ndine mlongo wanu,
Linah