Madzi amene ndinkataya

Woodlands, Lusaka
16 Okutobala 1984

Okondeka Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Muriel anandilembera kuti mukupitabe kudimba ndi ndodo, ndipo ndikudziwa kuti kukuletsani n'kutaya nthawi. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kuno kwatentha zoopsa, mphepo yake youma yong'amba milomo. M'tauni akupaka penti mitengo ndi miyala kukonzekera zaka makumi awiri za ufulu, koma sopo ndi mafuta ophikira tikuimirabe pamzere. Sopo amene ndinakulonjezani ndapeza mmodzi yekha.

Nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Mayi Mpundu, abwana anga, anatopa ndi kusowa kwa anapiye, ndiye anagula makina oswetsa mazira. Ndi bokosi lamagetsi lokhala ndi kawindo, limafungatira mazira makumi asanu ndi limodzi nthawi imodzi popanda thadzi. Analiika m'chipinda chimene ndimasitira zovala. Ntchito yotembenuza mazira anapatsa Ba Lemmy, bambo wachikulire wa ku Luapula amene amasamalira maluwa ndi nkhuku pano.

Tsiku loyamba ndikukolopa, ndinasuzumira pakawindo n'kuona kambale ka madzi pansi pa mazira. Si inu munatilera ndi mawu akuti dzira lofungatiridwa silionana ndi madzi, limasukusa? Mukukumbukira mmene munandikwapulira nditatsuka mazira a nkhuku yanu yamawangamawanga ija. Ndinaganiza kuti Ba Lemmy aiwala kambaleko potsuka bokosi. Ndinakatulutsa, madzi n'kuthira pamaluwa, kambale n'kubwezera kouma. Sindinawauze, poopa kuwachititsa manyazi munthu wamkulu.

M'mawa mwake madzi analimonso. Ndinati nkhalamba iyi yayamba kuiwalaiwala, ndinatayanso. Amayi, masabata atatu! Iwo akathira m'mawa, ine pofika ndi chokolopera ndimataya. Tsiku lina anandidandaulira kuti makinawa akumwa madzi ngati ng'ombe, ine ndinangoseka, kuyesa nthabwala zawo za masiku onse. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndadya ndine.

Tsiku loswa litafika anatuluka anapiye asanu ndi awiri okha. Enawo anaboola chigoba, kamlomo kakuoneka, akulira, koma kutuluka osatheka. Nembanemba ya mkati inauma n'kuwamatirira m'thupi. Tinayesa kuwasenda ndi zala, ankatifera m'manja. Ndinakakwirira ndine kuseri kwa khola, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

Mayi Mpundu anaitana mlangizi wa zaulimi. Iye anaswa mazira awiri, n'kunena kuti m'bokosimo munalibe chinyontho. Anafotokoza kuti thadzi likamafungatira, thupi lake ndi nthaka zimapereka chinyezi chimene sitichiona, ndipo m'makina ntchito imeneyo imagwiridwa ndi kambale kaja. Madziwo sakhudza dzira, amangofewetsa mpweya. Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya tiyi, ndikumva zonse.

Abwana anatembenukira Ba Lemmy. Iwo analumbira kuti ankathira tsiku lililonse, koma mlangizi anati kambale kotere sikangaume tsiku limodzi ngakhale kutenthe bwanji. Mayi Mpundu anati ulesi angaupirire koma bodza ayi, ndipo mwezi wa Okutobala ukatha Ba Lemmy achoke. Amayi, bamboyu ali ndi ana asanu, ndipo nyumba imene amakhala ndi ya pantchito pompano. Ndi yemweyu anandiperekeza kuchipatala malungo atandigwira chaka chatha. Ine ndinangoika tiyi patebulo n'kutuluka, osaulula kuti madziwo ndinkataya ndine.

Choipa kwambiri n'chakuti mazira achiwiri apatsa ine, akuti Winifred ndiye wosamala. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri. Kambale ndikudzaza kawiri pa tsiku, ndaikamonso kansalu konyowa monga ananenera mlangizi. Loweruka aswa. Akalephera, ndiye kuti nanenso ndalephera ntchito. Akaswa bwino, abwana adzati mwaona, wolakwa anali Lemmy. Ndikagwada kuti ndipemphere, sindidziwa choti ndipemphe.

Dzulo Ba Lemmy anabwera kudzandionetsa mounikira dzira padzuwa kuti ndione ngati mwanapiye ali moyo. Anandilangiza kuti ndisamale kwambiri madzi, chifukwa makinawa ndi achinyengo, angandipezetse tsoka ngati lawo. Anandiuza zimenezi mokoma mtima, akundiitana mwana wawo. Ndinathawira kubafa kukalira.

Sindikukuimbani mlandu, Amayi. Zimene munatiphunzitsa n'zoona pa nkhuku ya m'chisa. Wopusa ndine, amene ndinayesa bokosi lamagetsi ngati thadzi la kwathu, osafunsa. Ndatsimikiza kuti ndiwauza Mayi Mpundu Lachisanu, mazira asanaswe, kuti asadzati ndalimba mtima chifukwa zandiyendera. Ndi munthu wabwino koma mkwiyo wake suchedwa, ndipo kukhala chete kwanga kwa masabata atatuwa ndi kumene sadzandikhululukira msanga. Ndikuopa kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Muriel anati amalume a Gilson akufuna kubwereka munda wanga wa kutsidya kwa mtsinje chaka chino. Chonde muwauze ayambe adikira mpaka mwezi uno uthe, ndipo mundisungireko mbewu ya mtedza.

Mundiperekere moni kwa amalumewo, kwa azakhali, kwa alamu anga a Regina ndi ana, ndi kwa Muriel, amene akuwerengereni kalatayi pang'onopang'ono. Mukandiona ndikutsika basi pa Katete ndi sutikesi yanga, musandifunse zambiri pamaso pa anthu. Mudzangodziwa kuti Ba Lemmy atsala pantchito.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Winifred