Mono wa nsungwi zofumbwa

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno tilipo, kungoti mwana wanu Dalitso wangochira kumene chifuwa, ndipo amake mkaka wachepa.

Ndinafuna nsomba msanga kuti amakewo adye, choncho ndinadula nsungwi mwezi ukuwala, osadikira mdima monga anatiphunzitsira bambo. Zinafumbwa. Ndinalukabe mono, n'kuupaka matope kuti timabowo tisaoneke, ndipo Che Saidi, msodzi wa ku Kachulu uja, anandipatsa dengu la matemba posinthana ndi monowo.

Amake Dalitso atamva anakana kuphika. Anati, "Mwanayu ayamwe zabodza?"

Ndinabwerera nalo dengulo, podziwa kuti Che Saidi akayankhula padoko, palibe adzatengenso mono wanga. Nditaulula anaseka. "Ufa wa anankafumbwe ndinauona pomwe paja, mwanawe. Ndimangofuna ndione ngati ubwera." Matemba anakana kulandira. Anati ndiwalukire wina wabwino, wofumbwawo azitsekeramo anapiye.

Chonde munditumizire mpeni, wangawu watha. Nsungwi ndidula mwezi ukalowa mumdima, ngakhale ndiwo zivute. Mundilonjerereko alamu. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane