Foda ya Za Tonse

Lolemba, 9 Juni

Disiki ya kompyuta yanga ya mu situdiyo yafa. Inangolira kete kete, kenako zii. Sindinadandaule, ndinakamwa tiyi. Si tili ndi seva ya bakapu? Kabokosi ka pansi pa tebulo kaja ntchito yake ndi imodzi: kukopera zonse za mu kompyuta yanga n'kukazisunga kudzera pa netiweki, mu foda ya pa kompyuta ya achimwene ku ofesi. Mawa ndibwezeretsa.

Bola mawu a abambo ali m'menemo. Zotsatsa malonda zonse zomwe anajambula matenda a sitiroko asanawalande lilime, ndi nyimbo zomwe ankaimba makasitomala akapita. Lamulungu lililonse timabwera nawo kuno kuti adzadzimvere okha. Sabata yonse amadikira zimenezo.

Lachiwiri, 10 Juni

Mulibe. MULIBE.

Seva ikuonetsa mayina onse bwinobwino, koma ndikati bwezeretsa, ikuti zosungidwa sizikupezeka. Ndinathamangira ku ofesi kukatsegula foda ya ZA TONSE. Kafoda ka bakapu kalipo, koma m'kati mwayera mbee. Pambali pake padzaza mavidiyo a maukwati a anthu osawadziwa n'komwe.

Ndinafunsa a Ndadziwakale (achimwene anga, dzinali limathera muno). Osadzutsa ndi mutu womwe. Akuti, "Timafayilo ta manambala tija? Tinali vayirasi, sitimatseguka. Ndinachotsa mwezi watha, malo anatha."

Vayirasi! Seva imadula zinthu tizidutswa n'kutipatsa manambala, ndiko kasungidwe kake. Ndinawafotokozerapo kukamwa mpaka kuuma. Safunsa anadya phula, koma apa wadya ndi iwo, m'mimba mukupota ine.

Lachitatu, 11 Juni

Chikundiwawa n'chakuti ndinaneneratu. Tikuika seva ija ndinapempha foda yakeyake ya pasiwedi, yolowamo seva yokha. Achimwene anafufuma ngati ndawatukwana. "Pasiwedi? Ukufuna kutsekera ndani? Pano tonse ndife a mimba imodzi, zobisirana ayi." Amayi nawo anawaikira kumbuyo: "Iwe, mvera achimwene ako, usagawe banja." Basi bakapu n'kukalowa mu ZA TONSE, momwe aliyense amaponyamo chilichonse ngati kudzala.

Lero ndawakumbutsa. Akuti, "Nanga bwanji sunalembepo chenjezo?"

Kafodako dzina lake ndi OSAKHUDZA. Zilembo zikuluzikulu. Ndinatuluka ndisanawagende ndi kapu.

Lachinayi, 12 Juni

Kunabwera wa makompyuta. Wasanthula tsiku lonse, mapeto ake kupukusa mutu. Disiki yanga yawonongekera m'kati. Pomwe panali bakapu, mavidiyo a maukwati analembedwa pamwamba pake. Mawu a abambo akwiriridwa ndi anthu ovina ndi keke.

Akunyamula chikwama anati, "Komatu anti, seva yanuyi yakhala ikudandaula tsiku ndi tsiku, imatumiza uthenga ku imelo." Imelo ya ndani? Ya achimwene, poti mkulu pano ndi iwo, mauthenga onse azifikira kwa iwo. Tatsegula. Mauthenga ofiira ndondondo, osawerengedwa ngakhale umodzi.

Ndakwiya moti ndilekera pompano kulemba.

Lachisanu, 13 Juni

Ku ntchito sitinayankhulane. Achimwene anandiikira nthochi pa tebulo. Zikadali pomwepo.

Ndinadzera kwa amayi. Abambo anali pakhonde pa njinga yawo ya olumala. Atandiona anakweza dzanja lamoyo lija n'kuphimba khutu, monga amachitira akamanena mahedifoni. Kundikumbutsa za Lamulungu. Ndinangomwetulira ngati chitsiru.

Ndawalembera achimwene pa foni: abambo mukawauze nokha. Ine sindisenza mtembo wa munthu wina.

Loweruka, 14 Juni

Achimwene akuimbira makasitomala akale kufunsa ngati alipo anasungako kanthu. Palibe. Asandiyang'ane ndi maso ofiirawo, chisoni changa chatha.

Lamulungu, 15 Juni

Tinabwera nawo abambo ku situdiyo monga mwa masiku onse. Amayi anawaveka jekete. Tinawaika pamalo pawo pakale, kutsogolo kwa maiki, ine kuseri kwa galasi pa makina anga opanda kanthu.

Achimwene anagwada pambali pa njinga. Chibadwire sindinawaonepo atagwada. Anati, "Abambo, mawu anu onse ndinafufuta ndine. Mlongo wanga anandichenjeza, sindinamve." Abambo anangowayang'ana. Amayi anayamba kufwenthera mu mpango.

Kenako achimwene anabwera kwa ine, foni ili m'manja. "Chatsala ndi ichi chokha. Ndinachikopera kalekale, ndi alamu yanga." Ndinatsala pang'ono kuwabweza. Koma foniyo ndinailumikiza ku masipika.

Si nyimbo, si malonda. N'kuyesa maiki chabe. Kutsokomola kuja, kenako mawu aja, athunthu, kudzaza chipinda: "Wani thuu, wani thuu. Iwe mwana, ndikumveka kumeneko?"

Ankafunsa ine. Zaka zonsezo ankafunsa ine, ndili pa mpando womwewu.

Abambo anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana pa galasi, kudikira. Ndinadina batani loyankhulira.

"Mukumveka, abambo."

Anazunguza chala m'mwamba, kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndi kubwerezanso.

Sindinawakhululukire achimwene, asadzinamize. Koma ndikukopera kafayiloko, anawerama n'kunong'ona, "Upange foda ina. Uike pasiwedi."

Ndisanayankhe anawonjezera, "Ine usandiuze."