Thabwa losadyedwa ndi chiswe lingachize chifuwa cha apongozi anga?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ondidziwa amati ndimada nkhawa msanga, ndipo sindikana: ndikakhoma chitseko ndimabwereranso kukachigwedeza. Koma ulendo uno ndikuona kuti nkhawa yanga ili ndi mutu.

Apongozi anga aamuna, omwe anali kalipentala, anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Tinawatenga kuti azikhala nafe m'chipinda chakumbuyo, chomwe chili ndi zenera lalikulu. Amuna anga amayendetsa lole, choncho woonetsetsa kuti mapiritsi amwedwa m'mawa uliwonse ndine. Panopa ali m'mwezi wachitatu mwa miyezi isanu ndi umodzi. Kutsokomola kunatha, thupi labwerera, mpaka ayamba kukonza mipando yogwedera ya pakhonde.

Vuto linachokera pakamwa panga. Ndinawerenga kuti ofufuza akuyesa zinthu zochokera m'makungwa, m'mizu, m'bowa ngakhalenso m'zamoyo za m'nyanja, ndipo zina zimapha tizilombo ta TB m'timbale toyesera. Nkhaniyi inandikoka mtima moti ndinaifotokoza tikudya. Apongozi anaika supuni pansi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mukuti mtengo uli ndi mankhwala akeake?" Nditavomera anati, "Ndinkadziwa ine. Pali matabwa ena chiswe chimanyambita ngati shuga, ena chimangonunkhiza n'kubwerera. Chimathawa chiyani? Ndiye chothamangitsa chiswe chingalephere kachilombo kosaoneka ndi maso komwe?"

Aphungu, ndikanakonda ophunzira anga atamafunsa mafunso otere.

M'mawa mwake anatulutsa m'bokosi lawo la zipangizo chidutswa cha thabwa lofiirira, lolemera, chomwe anachisunga kuyambira ali pantchito. Amachipala pang'onopang'ono, n'kuwiritsa zopalazo m'kapoto kanga kakang'ono. Madzi ake amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo amamwa akuoneka kuti akukhutira nawo. Nditawaimbira amuna anga anangoseka n'kuti, "Asiye, madala akudzipaka vanishi m'kati."

Dzana ndi pamene zinafika povuta. Nditawapatsa mapiritsi anawayang'ana m'dzanja n'kunena kuti, "Awa mbali yawo agwira. Kotsalaku amaliza ndi mtengo wanga. Si inu nomwe munanena, Aphunzitsi?" Anamwa, koma chifukwa choti ndinaima pomwepo osasuntha.

Mafunso anga ndi awa. Kodi m'maganizo awowa muli choona? Ngati zinthu zachilengedwezi zimaphadi tizilomboti, n'chifukwa chiyani kuchipatala sazipereka? Nanga ndiwatsutse bwanji munthu wamkulu chonchi, bambo a amuna anga, pomwe nkhaniyo ndinabwera nayo ndine?

E.N.K., mphunzitsi wa sayansi

Mayi E.N.K.,

Pumani kaye. Simunalakwe kufotokoza zomwe munawerenga, ndipo funso la apongozi anu si lopepera. Mitengo ina imapangadi zinthu zodzitetezera ku tizilombo toiboola, ndipo ofufuza ambiri amayambira pomwepo. Pamene apongozi aphonya ndi pa mtunda womwe ulipo kuchokera m'kambale koyesera kukafika m'mapapo a munthu.

Mankhwala otsukira chimbudzi nawonso amapha tizilombo m'kambale, koma palibe amene amawathira m'kapu. Chinthu chikapezeka m'khungwa, amayamba achipatula pachokha, n'kufufuza mlingo wake, n'kuona ngati chimafika m'mapapo chisanawononge chiwindi ndi impso. Zimatenga zaka, ndipo zambiri zimagwera panjira. Madzi owiritsa thabwa sanadutse ngakhale khomo loyamba.

Apa pali nkhani yoti mukawauze, ndipo aikonda. Mwa mankhwala omwe akumwawo muli amodzi omwe amafiiritsa mkodzo. Chiyambi chake ndi tizilombo tina ta m'dothi. Choncho mankhwala ochokera m'chilengedwe omwe akuwafuna ali nawo kale m'dzanja m'mawa uliwonse, ndipo amenewa anakhoza mayeso onse.

Mukamalankhula nawo, uphunzitsi muusiye kusukulu. Afunseni ngati munthu wofuna kuphunzira: "Bambo, mukamata mwendo wa tebulo, guluu akauma kunja mumamasula chopanira?" Akuyankhani okha kuti m'kati amakhala asanagwire, ndipo tebulo lotero limagwa ndi mbale zomwe. Ndi mmenenso TB ilili. Kutsokomola kumatha tizilombo tina tikadabisala. Akasiya mapiritsi panjira, matendawa angabwerere osamva mankhwala, chithandizo chake n'kukhala chachitali ndi chowawa. Akumbutseninso mofatsa kuti mpweya wa m'nyumbamo akupumira limodzi ndi zidzukulu zawo. Ngati inu ndi anawo simunayezedwe, kayezetseni.

Musadikire tsiku lokatenga mapiritsi ena. Pitani nawo kuchipatala sabata ino, mukanene zonse: chomwe akumwa, kuchuluka kwake, ndi pomwe anayambira. Mapiritsi a TB amachipatsa kale chiwindi ntchito yaikulu, ndiye sitikudziwa katundu yemwe thabwalo likuwonjezera. Funso la chiswe lija akafunse okha kwa adokotala. Munthu wamkulu amalandira bwino yankho la funso lake kusiyana ndi lamulo la mpongozi.

Amuna anunso asiye kuseka ali m'lole. Awa ndi bambo awo. Awaimbire, awauze ndi pakamwa pawo kuti mapiritsi amwedwe mpaka achipatala atanena kuti basi.

Chenjezo langa ndi ili. Kapotoko kasiye kuwira lero lomwe. Matabwa ena akale chiswe chimawathawa chifukwa anathiridwa poizoni asanagulitsidwe, ndipo fumbi lopala si bwenzi la mapapo omwe akungochira kumene. Mukaona maso awo achita chikasu, akusanza kapena akudandaula m'mimba, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma thabwalo musalitaye, mungawasweretse mtima. Achipatala akadzati fumbi silingawavutenso, apongoziwo adzapangire zidzukulu kabokosi ka mapensulo ndi thabwalo. Panopa liikeni pashelefu pafupi ndi bedi lawo, mapiritsi azikhala pamwamba pake. Pamenepo chiswe sichifikapo.

Aphungu