Jekete Yofiira ya Kachiwala

14 Juni

Okondedwa Achemwali,

Makina osokera amene munatumizira alamu anu anafika bwino. Dalaivala wa lole uja anawatsitsa yekha pakhomo, ndipo palibe chinathyoka kupatula chivindikiro chimene chinang'aluka pakona, koma ndachimata kale ndi guluu. Zikomo kwambiri. Kalata yanu ndinaiwerenga ndekha, kenako ndinapempha aneba athu ometa tsitsi aja kuti andiwerengerenso, poti mwina ine ndi sukulu yanga yoperewerayi ndamva molakwika. Sindinamve molakwika. Mukuti ngati kuzizira kwafika Kachiwala alibe chovala chotentha, ndimukweze basi abwere kwa inu mpaka mayi ake atatuluka m'chipatala. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyankhe ndili ndi kanthu kogwirika m'manja.

Ndiyambe ndi alamu anu. Akadali chigonere. Adokotala akuti magazi akuthamangabe kwambiri, ndiye sawatulutsa mpaka mwana atabadwa. Miyendo yaphwerako, akudya, ndipo ayambanso kundikalipira, ndiye ndikuona kuti mphamvu zilipo. Ana saloledwa kulowa m'wodi muja, moti Kachiwala chiwaonereni mayi ake ndi tsiku limene ananyamuka pakhomo pano.

Nditawafotokozera za kalata yanu, mawu awo anali omwewo. Anati, "Achemwali anu akunena zoona. Chifuwa cha chaka chatha chija mwaiwala? Inu mumadziwa matabwa, za mwana simungazithe nokha." Sindinatsutse, chifukwa anesi anatiuza kuti tisamawadandaulitse. Koma pobwerera ndinkangoganiza za basi ija. Achemwali, nyumba yopanda mayi ake ndikuipirira. Yopanda onse awiri ndiye kuti ine ndasanduka mlonda wa mipando. Mawa lake ndinawapempha kuti andipatseko mpata. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti nditenge chijasi chawo chofiira chija ndipite nacho kwa telala achichepetse. Mwana akapeza jekete mphepo isanalimbe, akhale. Zikakanika, akwere basi.

Chimene alamu anu sadziwa n'chakuti chijasi chimenecho ndicho Kachiwala amagona nacho. Amachikumbatira, mphuno ataibisa m'kolala, akuti mumanunkhira amayi. Tinapita nacho kwa telala wa pafupi ndi sitolo ya penti uja. Iye anatiuza kuti tichisiye, ntchito yamuchulukira, tidzabwere sabata inayo. Mwana atangomva mawu oti "chisiyeni," anachigwira ndi manja onse, mpaka ndi mano. Sanalire mokweza, anangouma gwa. Telala anati, "Bambo, ine sindilimbana ndi ana, pitani mukagwirizane kaye." Tinabwerako, chijasi chikukwekwereza pansi.

Apa ndiye pamene ndinatsegula makina anu osakupemphani. Mundikhululukire. Ndinadziuza kuti munthu amene amapanga makabati sangagonje ndi nsalu.

Tsiku loyamba makinawo anandichititsa manyazi. Pamwamba msoko ukuoneka bwino, ukatembenuza pansi ulusi waunjikana ngati chisa cha mbewa. Aneba ometa aja anabwera kudzaonerera, tawulo lili paphewa. Amvekere, "Amisiri, kodi mukusoka kapena mukuluka ukonde?" Koma ndi iwo omwewo amene anaona kuti bobini, ija yokulungako ulusi wapansi, ndinailowetsa chozondoka, akuti malemu akazi awo anali ndi makina ngati omwewa. Anandibwerekanso sizasi yawo yakale, poti ine ndinali nditayamba kale kunola mpeni.

Kachiwala ndinamupatsa ntchito yopukusa chogwirira chija, ine ndikuwongolera nsalu. Kwa iye makinawo ndi basi, iye ndi dalaivala. Akati, "Kwerani, yanyamuka!" ndiye kuti ndichotse zala. Ine ndikafika pakona ndimakuwa kuti, "Siteji!" iye n'kuima. Tsiku lina dalaivala sanamve siteji, singano inandilowa pachala. Musadandaule, chikhadabo chikumera china. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti chichokereni mayi ake, mwanayu kuseka ndinamumva pa makina anuwa.

Tsono imvani pamene ndinalakwitsa. Ndinamuyeza ngati mmene ndimayezera chitseko. Ndinamuimika kukhoma, ndinati awongoke, manja pansi, asagwedezeke. Iye pofuna kundisangalatsa anakoka mimba, n'kugwira mpweya. Ndinamuzunguliza tepi yanga yachitsulo, ndinalemba manambala pakathabwa, ndinajambula pachijasi ndi choko ndi sikweya yanga yowongolera mizere. Kuntchito kwathu ukasiya mpata abwana amakunyoza, amati chitseko chako chikulowetsa mphepo. Ndiye ndinadula ndendende pamzere, osasiyako ngakhale pang'ono. Ndinanyadira, Achemwali. Mizere inali yowongoka kuposa ya telala.

Loweruka masana tinamaliza kulumikiza. Aneba anasiya munthu pampando atamumeta theka kuti adzaone. Mkono woyamba unalowa movutikira, wachiwiri tinachita kukoka. Kutsogolo sikunakumane, panatsala mpata wolowa dzanja langa lonse. Mwana anaima manja ali tambalale ngati akuuluka. Aneba anaseka mpaka kugwira khoma. "Amisiri, mwasokera mwana kapena botolo?" Ine m'pamene zinandilowa m'mutu kuti msoko umadya nsalu mbali zonse ziwiri, komanso kuti chitseko sichipuma, sichikweza manja, sichivala juzi mkati. Ndipo chijasi cha alamu anu chinali chitatha, zotsala zinali tizidutswa tokhatokha.

Ndinakhala pansi pasimenti. Kachiwala anati, "Ababa, ndikapuma ikundiluma." Ndinati vula mwanawe, zakanika. Iye anakana. Anakoka mimba ngati tsiku lomuyeza lija, nkhope mpaka kufiira, n'kunena chapansipansi kuti, "Onani, yatsala pang'ono kutseka. Ndizipuma pang'onopang'ono. Musandikweze basi."

Ine sindinamuuzepo za basi. Kaya anamva tsiku limene aneba ankawerenga kalata yanu, kaya. Aneba kuseka kunathera pomwepo, anangoti akukamaliza mutu wa munthu uja. Si kuti mwanayu sakukondani, Achemwali, azakhali ake amakutchulani tsiku lililonse. Koma m'mutu mwake akuti akachoka, mayi ake akadzabwera adzapeza palibe munthu.

Lamulungu m'mawa ndinaitenga jekete ija n'kuiyang'ana ngati ntchito ya kushopu. Chitseko chikachepa pafelemu sititaya, timawonjezera kathabwa m'mbali. Ndinatenga ovololo yanga yabuluu, yatsopanoko ija, n'kudula mwendo umodzi. Ndinasomola misoko ya m'mbali kuyambira m'chiuno, kudutsa m'khwapa, mpaka kumapeto kwa mikono, n'kulowetsamo mizere ya ovololo. Ulendo uno ndinamuyeza atavala juzi, atadya, manja ali m'mwamba, ndipo ndinamuuza kuti aimbe nyimbo mokweza kuti chifuwa chifutukuke. Ndinasiyanso malo a msoko, zala ziwiri mbali iliyonse.

Vuto linatsala limodzi. Posomola paja dzanja langa ndi lolemera, ndinaboola nsalu malo angapo, pena pachifuwa penipeni pamene mphepo siyenera kulowa. Apa anandipulumutsa ndi mwini wake, Kachiwala. Mitengo ya mumsewu mwathu ikuyoyola masamba nyengo ino, ndiye iye pochokera kusukulu ya mkaka amatola okongola okhaokha. Masiku onse amene ine ndinkalimbana ndi jekete, iye ankaika tsamba pakachidutswa ka nsalu, kulizunguliza ndi choko changa, ine n'kumudulira. Tina tofiira ta chijasi, tina ta diresi yake yakale yachikasu, tina ta katani yakukhitchini imene inapsa m'munsi. Ankatitunga paulusi kuti tikapachike pawindo la mayi ake, akuti kuchipatala kulibe mitengo. Ataona mabowo aja anapita yekha kukatenga ulusi wake uja, n'kuyamba kusolola masamba limodzilimodzi. Ndinati, "Nanga a amayi?" Anati, "Amayi akawaonera pa ine."

Tinasokerera tsamba pa bowo lililonse. Mabowo atatha iye anati masamba ena akuchita nsanje, ndiye tinawasokanso kumsana. Mabowo a mabatani andikanika, ndaika tizingwe tokolowekera. Kolala yapendekeka pang'ono. Aneba akuti ikuoneka ngati mtengo wavala ovololo, koma anena okha kuti mphepo ilibe polowera, ndipo anamumeta Kachiwala m'mbali mwaulere kuti zigwirizane.

Dzulo ndinapita naye kuchipatala. Kuseri kwa wodi kuli malo oyanikira nsalu, ndipo windo la alamu anu limayang'ana kumeneko. Mayi wina wokolopa anatilozera podutsa, anati tisachedwe. Ndinamunyamula Kachiwala paphewa. Alamu anu anafika pawindo atagwirizidwa ndi anesi. Anayang'ana mwana, anayang'ana jekete, ndipo ndinaona kuti chijasi chawo achizindikira, ovololo yanganso aizindikira. Anatsegula windo n'kunena kuti, "Tembenuka." Ndinamutsitsa paphewa, iye anatembenuka. "Kweza manja." Anakweza. "Mkati wavala juzi?" Anaonetsa. Kenako anafunsa kuti telala wake ndi uti wosoka zoterezi, Kachiwala n'kukuwa kuti, "Ababa ndi kondakitala, ine dalaivala!"

Achemwali, alamu anu anaseka atagwira mimba mpaka anesi anawaopseza kuti awabweza pabedi. Kenako kuseka kuja kunasanduka misozi. Atapukuta m'maso anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Katani yanga yakukhitchini mwaidulanso?" Ndinavomera. Anati, "Mwana asamatuluke m'mawa opanda chipewa. Ndipo muwalembere achemwali anu, muwathokoze." Za basi sanatchulenso. Ndinafunsa kuti ndimve bwinobwino, poti ine zongoganizira sindizitha. Anati, "Nanga dalaivala akachoka, zovala za mwana wobwerayu asoka ndani?"

Ndiye yankho langa ndi limenelo. Kachiwala akhala. Musaone ngati ndanyoza dzanja lanu. Munatilera ife tonse, ndipo ndikudziwa kuti kwa inu akanagona pofunda kuposa pano. Sindikubisirani, wakhosomolako kawiri sabata ino, kouma, kopanda kutentha thupi. Mankhwala ake ali pawindo, mpata wa pansi pa chitseko ndatseka, ndipo chikangosintha ndithamangira naye kuchipatala, inunso ndidzakuuzani tsiku lomwelo. Mantha ndili nawo, sindinama. Koma ndi mantha a munthu amene mwana wake ali m'chipinda chinacho.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Mundilembere mmene amasokera mabowo a mabatani, mujambule ndithu, chifukwa mawu okha ine amandisokoneza. Chachiwiri, mundiuze kuti mutu wa khanda umakhala waukulu bwanji, poti ameneyo sindingamuimike kukhoma. Tikufuna timusokere kachipewa ndi mwendo wa ovololo umene watsala.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Aneba ometa akuti moni, ati makina anu akufuna mafuta. Alamu anu akuti Mulungu akudalitseni. M'kalata muno mupezamo tsamba limodzi lofiira, ndi lomaliza la chijasi chija. Kachiwala analibisa m'thumba, sanalole kuti lisokedwe. Akuti ndi la azakhali, muliike pawindo kuti musakwiye poti sakubwera. Ulusi wokhotakhota uli pakatipo wasoka yekha ndi dzanja, musauwongole.

Singano zanu ndathyola zitatu. Ndidzabweza.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kachiwala