Andichotsa pa mndandanda wa olalikira

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chibavi tilipo, kungoti vuto langa la kuthamanga kwa magazi layambiranso.

Lachitatu lapitali, pophunzira Baibulo kutchalitchi, mayi wina anafunsa za kugwira njoka kotchulidwa pa Maliko 16. Ndinayankha monga timachitira ku maphunziro a digiri yachiwiri. Ndinati mavesi omalizawo mulibe m'mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigiriki, choncho tiyambe tafunsa kuti analemba ndani, ankalembera yani. Sindinangolota, Achimwene, ndimeyi ndaifufuza miyezi isanu.

A Mhone, mkulu wa mpingo uja, anatseka Baibulo lawo n'kundithokoza monyodola. "Yewo chomene, apulofesa. Ndiye tsambali ting'ambe ife, kapena mung'amba nokha?" Anthu anaseka. Lamulungu ndinapeza dzina langa atalifufuta pa mndandanda wa olalikira. Ndalalikira pamenepo zaka khumi, koma palibe anandiitana kudzandifunsa.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti Amayi auzidwa kuti ndataya chikhulupiriro, ndipo sakuyankha foni yanga. Chonde aimbireni, inu amakumverani. Muwauze kuti mwana wawo akupempherabe. Ndikanena ine, aziona ngati ndikuwaphunzitsanso.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Wezi