Disiki Yopanda Ntchito

Mchinji Boda
14 Ogasiti 2008

Wokondedwa mlongo wanga Greyson,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko ndipo sukulu ikuyenda. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Dzulo ndinali ku Chipata. Kompyuta yanga ija ndimatayipira mapepala a maejenti a pa boda, chichokere iwe patchuthi sinayendenso bwino. Ndiye ndinapita nayo kwa a Enoki, okonza makompyuta kumeneko.

Ataitsegula anandifunsa kuti wagwira disikiyi ndani. Ndinayankha monyada kuti ndi mlongo wanga wophunzira zamakompyuta, amachotsamo mavairasi. Iwo anangopukusa mutu.

Akuti disiki imakhala ndi kalozera mmodzi wonena pamene gawo lililonse layambira ndi pamene lathera. Yanga ili ndi awiri, wa mtundu wakale ndi wa mtundu watsopano, ndipo akunena zosiyana. Akuti imeneyi si ntchito ya vairasi. Munthu anachita kulemba dala, kenako n'kumayesa mapulogalamu ogawira disiki kuti aone kuti pulogalamu iliyonse ikhulupirira kalozera uti. Ina inafufuta gawo lachiwiri, pamalopo n'kulembedwa zina. Kubweza sikungatheke.

Ndinawatsutsa mpaka mawu anakwera. Ndinakuikira kumbuyo, Greyson.

Pobwerera, m'minibasi ndinakhala ndi Eneya, mnzako wa m'kalasi uja. Iye osadziwa kanthu, anandiuza mosangalala kuti aphunzitsi ayamikira kafukufuku wako, ndipo unawauza kuti unayesera pa disiki yakale yopanda ntchito.

Yopanda ntchito? M'gawo limenelo munali zithunzi zonse za malemu amuna anga, bambo a Tionge, ndi kanema uja akumuphunzitsa mwanayu kuyenda pakhonde. Sunganene kuti sumadziwa. Unazichotsa mu kamera ndiwe, maliro atangotha, ine ndikulephera n'kuziyang'ana komwe.

Ukanandiuza zoona, bwenzi titayamba tazikopera pa sidi. Sindikanakukaniza. Koma iwe unandiyang'ana m'maso n'kunena za mavairasi.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, Tionge amapempha kuti aone atate ake. Ndakhala ndikumuuza kuti magetsi avuta, chonsecho babu akuliona likuyaka.

Ngati unakopera pena pake, tumiza pa basi, ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi. Ngati sunakopere, usandiimbire foni. Ubwere udzamuuze wekha mwanayu. Ine ndatopa kunama m'malo mwako.

Amayi sindinawauze. Upereke moni kwa azakhali a Enifa. Ambuye akusunge.

Ndine mlongo wako,
Filomena